Nambala ya madijiti 41 miliyoni ndi mphunzitsi wa sekondale amene anatsegula njira



Pa 12 Okutobala 2024 kunatsimikizika kuti nambala iyi, 2^136,279,841 − 1, ndi prime number. Anaipeza ndi Luke Durant wa mumzinda wa San Jose ku America, ndipo inaposa ma prime onse amene anthu ankawadziwa kufikira tsikulo. Ili ndi madijiti 41,024,320. Mwana wa Form 1 atati ailembe, dijiti imodzi pa sekondi iliyonse, osadya, osagona, osapita kumjigo, angathe masiku 475. Dijiti iliyonse itati ilowe m'kabokosi kamodzi ka m'kope la masamu, kaja ka mamilimita 5, mzere wake ungatalike makilomita 205: kuchoka ku Blantyre, kudutsa pa Zalewa, kupitirira Ntcheu, mpaka kuyandikira Dedza. Ndipo chinambala chonsecho palibe nambala ina imene ingachigawe popanda yotsala, kupatula 1 ndi icho chomwe.

Chimene chimandigwira mtima ine si kukula kwake ayi, koma funso lakuti: kodi munthu amadziwa bwanji? Palibe amene anakhala pansi n'kumayesa kugawa ndi 3, kenako 5, kenako 7, mpaka kumapeto. Ngakhale makompyuta onse a padziko atasonkhana pamodzi sangaimalize ntchito imeneyo. Pali njira ina yachidule, ndipo anaitsegula ndi mnzathu wa choko mu 1876. Koma tisanafike kwa iye tiyambe kaye ndi za pamsika.

Mayi wogulitsa manachesi akakhala ndi 12 amaika milu mmene wafunira: milu iwiri ya 6, itatu ya 4, inayi ya 3. Akakhala ndi 13 amukana. Ayese milu iwiri, limodzi latsala. Ayese itatu, limodzi latsala. Chimene angathe ndi mulu umodzi wa onse, kapena lililonse palokha. Prime number ndi imeneyo, nambala yokana milu: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, n'kumapitirira.

Amene anayamba kuzindikira zimenezi sanasiye dzina. Mu 1950 munthu wa ku Belgium, Jean de Heinzelin, anafukula kafupa pamalo otchedwa Ishango, kufupi ndi nyanja ya Edward m'dziko limene lero ndi DRC. Kafupako kali ndi zaka pafupifupi 20,000, ndipo kanalembedwa timizere m'magulumagulu. Mbali imodzi magulu ake ndi 11, 13, 17 ndi 19, amene ndi ma prime onse a pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana: ena amati wolembayo ankadziwa chimene akuchita, ena amati zinangochitika, mwina ankawerenga masiku a mwezi. Ine ndimawaonetsa ana chithunzi chake koma sindiwauza kuti makolo athu anatulukira ma prime, chifukwa fupa silinena zimenezo. Kafupako kamasungidwa ku Brussels, imene ndi nkhani ina ya tsiku lina.

Zolembedwa zomveka bwino zikuyambira ku Alexandria, ku Egypt, cha m'ma 300 BC. Euclid anasonyeza kuti ma prime satha. Tengani ma prime onse amene muli nawo, achulukitseni, muwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo singagawike ndi aliyense wa ma prime anu aja, chifukwa nthawi zonse patsala 1. Ndiye kuti kuli prime wina amene munalibe. Apa aphunzitsi anzanga tisamale. Ena timauza ana kuti nambala yatsopanoyo ndi prime, chimene sichoona nthawi zonse. 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 + 1 ndi 30,031, ndipo 30,031 ndi 59 × 509. Mfundo ya Euclid ikadali chiimire, poti 59 ndi 509 sanali pamndandanda. Choncho palibe prime wamkulu kuposa onse. Tikamanena "wamkulu" tikunena wamkulu mwa amene tawapeza.

Patapita zaka makumi angapo, Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, anapereka sefa ija timaphunzitsa: lembani manambala, fufutani ana a 2, ana a 3, ana a 5, otsalawo ndi ma prime. Sefayi ndi yabwino mpaka 100 pabolodi, mpaka mamiliyoni pakompyuta. Kupitirira apo imalemera.

Tsopano tibwere ku mtundu wa manambala umene watipatsa pafupifupi akatundu onse. Amene mumasewera bawo mukudziwa kuti ili ndi maenje 32 ndi njere 64. Onsewa ndi ma 2 ochulukitsana: 32 ndi ma 2 asanu, 2^5, ndipo 64 ndi 2^6. Chotsani 1 pa 32, mupeza 31, amene ndi prime. Chotsani 1 pa 64, mupeza 63, amene ndi 7 × 9. Kusiyana kwake kuli pa kanambala ka pamwamba. 6 ndi 2 × 3, ndipo kanambala ka pamwamba kakagawika, chinambala chonse chimagawikanso: 63 amagawika ndi 2^2 − 1 komanso ndi 2^3 − 1. Ndiye kuti 2^p − 1 akhale prime, p ayenera kukhala prime.

Anthu akale ena ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, p akakhala prime basi zatheka. Ndipo poyamba zimaoneka choncho: 3, 7, 31, 127. Koma 2^11 − 1 ndi 2,047, amene ndi 23 × 89. Hudalricus Regius analemba zimenezi mu 1536. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yosaka. Mu 1588 Pietro Cataldi wa ku Bologna anasonyeza kuti 131,071 ndi 524,287, amene ndi 2^17 − 1 ndi 2^19 − 1, ndi ma prime. Anachita kugawa ndi dzanja, prime mmodzimmodzi.

Dzina la mtunduwu linachokera kwa wansembe wa ku France, Marin Mersenne. Iye ankalemberana makalata ndi akatswiri ambiri a nthawi yake, monga Descartes, Fermat ndi Pascal, ndipo nzeru zinkayenda kudzera m'chipinda chake. Mu 1644 anasindikiza mndandanda wonena kuti, mpaka pa 257, nambala 2^p − 1 ndi prime pamene p ali 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Sanapereke umboni, ndipo sakanatha kuyesa zikuluzikuluzo. Analakwitsa malo asanu: 67 ndi 257 sayenera kukhalapo, ndipo anadumpha 61, 89 ndi 107. Komabe zinatengera anthu zaka pafupifupi 300 kuti amalize kumuchonga. Inu amene mumadandaula ndi makope 90 pa sabata, taganizani.

Pierre de Fermat anathandiza ndi mfundo imodzi yokoma. Nambala iliyonse yogawa 2^p − 1 imakhala mwana wa 2p kuwonjezera 1. Onani pa 2,047 paja: 23 ndi 22 + 1, ndipo 89 ndi 88 + 1. Ndiye simuvutika kuyesa manambala onse. Leonhard Euler anainola mfundoyi ndipo pofika 1772, maso ake atafa kale, anatsimikiza kuti 2^31 − 1, amene ndi 2,147,483,647, ndi prime. Nambala imeneyi ana a Computer Studies adzakumana nayo, chifukwa ndiyo malire a manambala amene mapulogalamu ambiri a 32-bit amatha kusunga.

Apa ndi pamene njira yogawa inafika pakhoma. Tengani 2^127 − 1. Ili ndi madijiti 39:

170,141,183,460,469,231,731,687,303,715,884,105,727

Kuti muiyese pogawa muyenera kufika pa square root yake, imene ili ndi madijiti 20. Makina oyesa manambala biliyoni imodzi pa sekondi, osadumpha ina, angathe zaka zoposa 400. Ngakhale ndi chidule cha Fermat chija, munthu wa pensulo sangafike.

Édouard Lucas anabadwira ku Amiens mu 1842. Anagwirako ntchito pamalo oonera nyenyezi ku Paris, anamenya nawo nkhondo ya France ndi Prussia ya 1870, kenako anakhala mphunzitsi wa masamu m'sukulu za sekondale, zimene kwawoko amati lycée. Anaphunzitsa pa Lycée Charlemagne ndi pa Lycée Saint-Louis mu Paris. Sanali pulofesa wa pa yunivesite. Anali ndi makalasi, makope ndi mayeso ngati ife tomwe. Mu 1876, chaka chimene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission, Lucas analengeza kuti nambala ya madijiti 39 ija ndi prime, ndipo sanayese kuigawa ndi nambala ngakhale imodzi.

Nzeru yake inali yosintha funso. M'malo mofunsa kuti "ndani angagawe nambalayi?", anapanga mndandanda wina wa manambala, n'kufunsa ngati nambala yoyesedwayo ikugawa nambala imodzi yokha ya pamndandandawo. Mu 1930 Derrick Lehmer wa ku America anaikonza njirayi kukhala mmene tikuidziwira lero, n'chifukwa chake imatchedwa Lucas–Lehmer. Ndiyosavuta moti mwana wa Form 2 atha kuitsatira. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, muchotse 2. Gawani ndi nambala mukuyesayo, musunge yotsala yokha. Bwerezani ndi yotsalayo. Muchite zimenezi maulendo p − 2. Mukathera pa 0, nambalayo ndi prime. Mukathera pena, si prime.

Tiyese ndi 127, amene ndi 2^7 − 1. Maulendo ake ndi 5. Ulendo woyamba: 4 × 4 − 2 ndi 14. Wachiwiri: 14 × 14 − 2 ndi 194, kugawa ndi 127 yotsala ndi 67. Wachitatu: 67 × 67 − 2 ndi 4,487, yotsala 42. Wachinayi: 42 × 42 − 2 ndi 1,762, yotsala 111. Wachisanu: 111 × 111 − 2 ndi 12,319, amene ndi 127 × 97 ndendende. Yotsala 0. Basi, 127 ndi prime.

Mukayesa 2,047 maulendo 9 mupeza 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, 1,736. Simunathere pa 0, ndiye si prime. Koma taonani chodabwitsa: njirayi yakuuzani kuti nambalayo imagawika, koma sinakuuzeni kuti 23 kapena 89. Zili ngati sing'anga amene wakuuzani kuti m'nyumba muno mwalowa wakuba koma dzina sakutchula. Pa nambala ya madijiti 39 ija, m'malo mwa zaka 400, pamafunika maulendo 125 okha. Ulendo uliwonse ndi wolemera ndithu, kuchulukitsa madijiti 39 ndi madijiti 39 osaphonya ngakhale imodzi. Olemba mbiri ya Lucas amati ankagwiritsa ntchito thabwa la timabokosi 127 m'litali ndi 127 m'lifupi, n'kumasuntha tizidutswa, kabokosi kokhala ndi kanthu kukhala 1, kopanda kanthu kukhala 0. Nditamva zimenezi ndinangoti, eee, bawo ndithu.

Nambala ya Lucas inakhala pampando zaka 75, kuchokera pamene Blantyre inali kamudzi ka amishoni mpaka 1951, kutatsala zaka ziwiri kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chiyambe. Mwini wake anamwalira mu 1891 ali ndi zaka 49. Mbale inasweka paphwando, kachidutswa kanamucheka patsaya, bala linalowa matenda. Anatisiyiranso kamasewera ka Tower of Hanoi, kamene kamafuna kusuntha maulendo 2^n − 1. Munthuyu ankaikonda nambala imeneyi.

Lucas yemweyo anasonyeza kuti 2^67 − 1 si prime, kutsutsa Mersenne, koma monga ndanenera, njira yake siitchula wakuba. Anamugwira ndi Frank Nelson Cole mu 1903, pamsonkhano wa American Mathematical Society ku New York. Nkhani imati anapita pabolodi osalankhula, mbali imodzi anawerengera 2^67 − 1, mbali ina anachulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287, mayankho anafanana pa 147,573,952,589,676,412,927, n'kukakhala pansi anthu akuwomba m'manja. Amati zinamutengera Masande a zaka zitatu. Chotsani 1 pa 193,707,721 mugawe ndi 134, muona kuti Fermat sananame.

Mipata imene Mersenne anadumpha inatsekedwa ndi anthu amene masamu sinali ntchito yawo yodyera. Ivan Pervushin, wansembe wa kumudzi ku Russia, anapeza 2^61 − 1 mu 1883. R. E. Powers, wogwira ntchito kukampani ya njanji ku America, anapeza 2^89 − 1 mu 1911 ndi 2^107 − 1 mu 1914.

Kenako kunabwera makina, nkhani inayamba kuthamanga. Pa 30 Januwale 1952 Raphael Robinson anaika njira ya Lucas–Lehmer m'kompyuta yotchedwa SWAC ku Los Angeles, ndipo tsiku lomwelo inatulutsa 2^521 − 1 ndi 2^607 − 1. Chaka chisanathe inapezanso ena atatu. Makinawo sanabweretse nzeru yatsopano. Anangochita msanga chimene mphunzitsi uja ankachita pathabwa lake.

Imene ndimakonda kuwafotokozera ana a Form 4 ndi ya 1978. Laura Nickel ndi Landon Curt Noll, ophunzira a sekondale a zaka 18 ku California, anawerenga za njirayi, analemba okha pulogalamu, anapempha nthawi pakompyuta ya yunivesite ya kwawo ku Hayward, ndipo anapeza 2^21,701 − 1, ya madijiti 6,533. Inali prime yaikulu kuposa onse odziwika nthawi imeneyo. Mtsikana ndi mnyamata a msinkhu wa ana athu olemba MSCE. Inde, iwo anali ndi kompyuta pafupi pamene ife kuno ngakhale magetsi ndi nkhani. Koma chimene anayambira ndi munthu wina kuwaonetsa kuti funsoli lilipo.

Mu 1996 George Woltman anayambitsa GIMPS, gulu la anthu ongodzipereka amene amalola makompyuta awo kumayesa manambalawa pa intaneti. Kuyambira kumapeto kwa chaka chimenecho ma Mersenne prime onse atsopano atulukira kumeneko. Wa 2008, 2^43,112,609 − 1, anali woyamba kupitirira madijiti 10 miliyoni ndipo anapata mphotho ya madola 100,000. Wa Disembala 2018, 2^82,589,933 − 1, anali ndi madijiti 24,862,048. Durant, amene kale ankagwira ntchito ku Nvidia, anachita lendi makina amphamvu a m'maiko 17. Makina a ku Dublin ndi amene anayamba kuikayikira nambala yathu ija, ndipo a ku San Antonio anaitsimikiza tsiku lotsatira. Anaitsimikiza ndi chiyani? Yambani ndi 4, chulukitsani, chotsani 2, sungani yotsala, maulendo 136,279,839. Pamapeto pake panatuluka 0. Anakhala Mersenne prime wa nambala 52 kudziwika chiyambire.

Ngakhale sitingailembe, pali zambiri zimene ife a choko tingadziwe za nambalayi popanda kompyuta. Dijiti yake yomaliza ndi 1. Ma power a 2 amathera 2, 4, 8, 6, n'kubwereza. 136,279,841 kugawa ndi 4 yotsala ndi 1, ndiye power imeneyo ithera ndi 2, kuchotsa 1 patsala 1. Kuchuluka kwa madijiti ake kumachokera ku ma logarithm: chulukitsani 136,279,841 ndi log 2, mutaye za kuseri kwa dontho, muwonjezere 1. Mukatenga 0.3010 wa m'ma four-figure table aja tinakulira, muphonya ndi madijiti pafupifupi 4,000. Mukatenga 0.30103 muphonya ndi imodzi. Pamafunika 0.30102999566 kuti mufike pa 41,024,320. Sindinapezepo chitsanzo china chabwino chonchi chosonyeza ana kuopsa kofupikitsa nambala msanga. Ndipo mu base 2 nambalayi ndi yophweka kuposa zonse: ma 1 okhaokha okwana 136,279,841, popanda 0 ngakhale mmodzi.

Ilinso ndi mnzake. Euclid anasonyeza kuti 2^p − 1 akakhala prime, mukamuchulukitsa ndi 2^(p − 1) mupeza perfect number, nambala yofanana ndi ma factor ake onse ang'onoang'ono ataphatikizidwa. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Pa bawo paja, 31 × 16 ndi 496. Pa 127, 127 × 64 ndi 8,128. Euler anadzasonyeza kuti ma perfect number onse ogawika ndi 2 amabadwa motere. Choncho Durant anapezeratu ziwiri, prime ndi perfect number wa madijiti oposa 82 miliyoni. Ngati kuli perfect number wosagawika ndi 2, kapena ngati ma Mersenne prime satha monga ma prime ena, ndi mafunso amene akadali otsegula mpaka lero.

Mwana wina adzafunsa, monga amafunsira nthawi zonse, kuti "Sala, nanga zimenezi n'zantchito yanji?" Timuyankhe zoona. Chinambala cha madijiti 41 miliyoni sichiteteza ndalama za munthu. Ma prime amene amabisa mauthenga pa intaneti, monga m'njira ya RSA ya 1977, ali ndi madijiti mazana ochepa chabe, ndipo ayenera kukhala achinsinsi, pamene uyu dziko lonse likumudziwa. Phindu lake limadzera m'mbali: njira zochulukitsira msanga manambala aakulu, ndi kuyesa ngati makina akuwerengera molondola. Mu 1994 Thomas Nicely, akuwerengera za ma prime, ndi amene anatulukira kuti chip ya Pentium imalakwitsa kugawa.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ife ma prime timawaphunzitsa ngati khasu lokumbira HCF ndi LCM. Peliyodi imodzi, factor tree, mafunso asanu, tatseka. Mwana amatuluka Form 4 akuganiza kuti masamu onse anatha kalekale ndipo mayankho ali kumapeto kwa buku. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo nthawi ya mvula ana ena a kutali safika. Komabe njira ya Lucas imangofuna kuchulukitsa, kuchotsa ndi long division, zinthu zimene timadandaula tsiku ndi tsiku kuti ana sazidziwa. Ndikawapatsa mafunso 20 a long division amayasamula. Ndikawagawa m'magulu n'kunena kuti tione gulu liti lifike pa 0, amakanganirana choko, ndipo wolakwitsa ulendo umodzi amagwidwa ndi anzake, osati ndi ine.

Amene mukufuna kuyesa ndi kalasi yanu, kapena inu ana anga akale amene mukadali ndi pensulo m'nyumba, tengani 2^13 − 1, amene ndi 8,191. Maulendo ake ndi 11. Oyamba ndi 14, 194, 4,870, 3,953. Calculator muisiye m'thumba. Mukaona 128 pa ulendo wa 10, ndiye kuti simunaphonye paliponse.